Ndili ndi shuga, kodi ndileke kusala kudya?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndimagulitsa matemba a ku Chilwa mumsika wa Zomba. Chaka chatha kuchipatala anandipeza ndi matenda a shuga. Anandipatsa mankhwala otchedwa metformin ndi glibenclamide, n'kundichenjeza kuti ndisamaphonye chakudya, poti glibenclamide amatsitsabe shuga ngakhale m'mimba mulibe kanthu.

Kumpingo kwathu chaka chikamayamba timasala kudya masiku 21, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndipo Lachisanu timakwera phiri la Zomba kukachezera kupemphera. Musaone ngati amandikakamiza. Bambo a kunyumba atamwalira, mapemphero amenewa ndi amene anandigwira dzanja. Amayi anzanga a m'gulumu ankagona kwathu mpaka misozi itauma.

Ulendo uno ndinayamba nawo monga kale. Tsiku lachinayi ndili pabenchi langa, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira kamukamu, m'maso mdima. Ndinadzidzimuka mnzanga wogulitsa tomato akundimwetsa Sobo. Anamwino atamva anandikalipira, amvekere shuga akatsika chotero munthu amakomoka, ena osadzukanso.

Nditafotokoza kugulu, mayi wina wamkulu, yemwe ndimamulemekeza ngati mayi anga, anati: "Mayi, Mulungu amene mukumusalira chakudyayo angalephere kukusungani?" Mawu amenewa akundilasabe. Ndinafuna kuyankha kuti Danieli pa masabata atatu aja anasiya nyama, vinyo ndi zakudya zonona, sanasiye kudya konse. Ngakhale Eliya mngelo anamudzutsa kuti adye chifukwa ulendo unali wautali. Koma pakamwa panauma, ndinangozyolika.

Chimene chikundisowetsa tulo tsopano ndi ichi, Azakhali. Masiku otsalawo ndinkadya phala la mgaiwa m'mawa ndi kambatata masana, mobisa kuseri kwa benchi, kenako madzulo n'kupita kukamasula pamodzi ndi anzanga ngati ndasala nawo. Ndinanama m'nyumba ya Mulungu. Ndili ndi ana atatu, wotsiriza ali Sitandade 6, ndipo alibe wina wowayang'anira. Kufa sindikufuna, komanso sindikufuna kukhala mlendo pamaso pa Mulungu wanga.

Kodi ndipite kwa abusa ndi buku langa lakuchipatala ndikaulule zonse? Nanga akakandiuza kuti ndisiye mankhwala, ndikawayankhe bwanji mwaulemu popanda kutuluka mumpingo umene unandilera? Kodi pali kusala kwina kumene munthu wa shuga angachite, Mulungu n'kukulandira?

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba