Kodi ndiwauze bambo zonse zimene adokotala anapeza?

Alangizi,

Ndikulemba usiku uno mutu utaima. Bambo anga ali ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa multiple myeloma. Anayamba kudandaula msana, kenako magazi anachepa, impso nazo zikuvuta. Achimwene anga akuti ndinachedwa kupita nawo kuchipatala. Iwo anali kuti? Munthu wamkulu akati msana, ndani angaganize za khansa?

Atawatenga mafuta a m'fupa la m'chiuno n'kuyeza ndi njira yotchedwa FISH, bambo anati adokotala afotokozere ine. Akuti m'maselo odwalawo kachidutswa ka kromozomu 17 (makromozomu ndi tizinthu ta m'maselo tonyamula malangizo a chibadwa) kanasowa, iwo amalemba del(17p), ndipo pamenepo ndi pomwe pamakhala jini (langizo la chibadwa) yotchedwa TP53 yomwe imaletsa maselo owonongeka kuswana. Ndiye matendawa amatha kubwerera msanga ngakhale bambo akulandira mankhwala otchedwa bortezomib, lenalidomide ndi dexamethasone. Mankhwala amangowaziziritsa, sawathetseratu. Bambo sindinawauze zimenezi. Akusangalala kuti ululu wachepa, akukamba za chaka chamawa, ine ndiyambira pati?

Ndinauza achimwene okha, iwo n'kukauza akazi awo. Tsiku lomwelo alamuwo analemba pa WhatsApp ya banja kuti magazi athu ndi oipa, ana awo alowa m'mavuto. Sanafunse n'komwe kuti bambo agona bwanji. Akabwera sakhalitsa, amangojambula chithunzi n'kumapita, koma kuwasambitsa, kuwatembenuza usiku, kukumbukira mankhwala, zonse ndi ine. Pali zina zomwe zinachitika pakati pa ine ndi iwo kale, sindingazilembe pano.

Adokotala ananena momveka kuti kusintha kumeneku kumachitika m'maselo a khansawo munthu akukula, bambo sanabadwe nako ndipo sanatipatsire. Anangoti abale apafupi chiopsezo chawo chimakwererako, koma ambiri sadwala. Ndinafotokoza, palibe anandimvera. Komabe mwana wanga akangoti mwendo ukupweteka, mtima wanga umagunda kwambiri.

Mawu aja akuti ndinachedwa ndi omwe akundidya. Kodi tikanapita msanga kromozomuyo ikanakhala yabwino? Ndiwauze bambo, kapena ndipemphe adokotala awauze ine ndili pomwepo? Akamva kwa alamu asanamve kwa ine, adzandikhulupiriranso? Nanga ine ndi achimwene tikayezetse, kapena n'zosafunika? Chonde ndithandizeni.

Mwana wothedwa nzeru