Kachilombo sikachenjera ayi

A Mkonzi,

Ndaphunzitsa bayoloje kwa zaka zambiri, ndipo zimandinyong'onya ndikamva anthu, ngakhale ophunzira bwino, akunena kuti kachilombo "kachenjera" n'kuzolowera mankhwala. Kachilombo kalibe nzeru. HIV ikamaswana imakopera chibadwa chake molakwitsalakwitsa, choncho ana ake amabadwa osiyanasiyana. Munthu akamadumphitsa ma ARV, mankhwala amachepa m'magazi. Kachilombo kamene kanangobadwa kolimba mwangozi ndi kamene kamapeza mpata, n'kuswana mpaka kudzaza thupi. Uku ndiye kusankha kwachilengedwe kumene wasayansi Charles Darwin anafotokoza mu 1859, asakudziwa n'komwe za mavairasi.

Ana anga a sukulu ankakonda nkhani ya akalulu a ku Australia. Mu 1950 anawamwazira dala vairasi ya myxoma kuti achepe, ndipo poyamba pafupifupi kalulu aliyense wogwidwa nayo ankafa. Patangopita zaka zochepa, zinthu zinatembenuka. Vairasi yopha msanga inkafera limodzi ndi kaluluyo udzudzu usanaitenge kukapatsira akalulu ena, ndiye yopha pang'onopang'ono ndi imene inafala. Nawonso akalulu opulumuka anabereka ana opirira. Onse awiri anasintha, wina akukankha mnzake.

Ifenso mavairasi anatisiyira zipsera. Pafupifupi magawo 8 pa 100 a DNA ya munthu, imene imasunga chibadwa chathu, ndi zotsalira za mavairasi akalekale, ndipo chimodzi mwa izo, chotchedwa syncytin, chimathandiza kupanga nsengwa yodyetsa mwana m'mimba. Izi mpaka lero zimandizunguza mutu.

Chonde atolankhani anu akamalemba za mitundu yatsopano ya matenda, asamati kachilombo kachenjera.

Ndine mphunzitsi wopuma