Tsiku lodziyesa m'chikhulupiriro, Loweruka likubwerali

Amayi a Chigwirizano nonse,

Loweruka likubwerali tidzakumana pa tchalitchi chathu kuno ku Salima kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mutu wathu ukuchokera pa 2 Akorinto 13:5, pomwe Paulo akutiuza kuti tidziyese tokha ngati tilidi m'chikhulupiriro.

Ambirife tinabatizidwa tili makanda, tinaphunzira kalasi, timadya Mgonero, yunifolomu timavala. Zonsezi nzabwino, koma pazokha si umboni woti munthu anatembenuka mtima. Tidzayamba ndi Zakeyu pa Luka 19, yemwe atakumana ndi Yesu analonjeza kubweza kanayi zomwe analanda anthu. Kodi ife tinabweza chiyani? Ngongole ya kubanki m'khonde ija, mnzathu tinasiyana naye moni uja, mpongozi timamunena kumjigo uja? Apa tidzakhalitsapo, chifukwa mpomwe ambiri timapunthwa. Masana tidzaona chipatso cha Mzimu pa Agalatiya 5:22-23, kenaka pemphero m'magulu a anthu atatu.

Palibe amene adzaimiritsidwe kuti aulule pagulu. Aliyense akudzafufuza mtima wake, osati wa mnzake.

Mubweretse Baibulo, buku la nyimbo, kope ndi cholembera, mbale ndi kapu, ufa wokwana inuyo, komanso K2,000 ya ndiwo. Ochokera ku Senga Bay ndi ku Lifuwu mulawire, sitidzachedwetsa mapemphero oyamba. Amene ndalamayo yakuvutani musakhale kunyumba, ingonong'onezani msungichuma.

Yankhani pa gulu lathu la WhatsApp kapena uzani mlembi pofika Lachinayi madzulo ngati mubwere, kuti ophika adziwe chiwerengero.