Usanakwere Sapitwa, Uyambe Waganizira Ntchafu Zako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iweyo, apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tili bwino, kungoti chiperoni chayamba kale, m'mawa phiri silikuoneka n'komwe. Bambo ako akupereka moni.

Ndakondwa kumva kuti mu Julaye mubwera kudzakwera mpaka pa Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje, ndiponso kuti apongozi akufuna kudzayesa nawo mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race. Koma pa foni paja unangotchula mothamanga kuti ukabwerako kothamanga m'mawa, madzi osamba amakuwawa m'ntchafu, kenako unasintha nkhani. Ndinadziwa kuti ana anali pafupi. N'chifukwa chake ndikulemba, kuti ndinene zonse mosabisa, pakuti amene angakuuze zimenezi popanda manyazi ndine mayi ako.

Zimene zikukuchitikirazo si matenda, ndipo usadziimbe mlandu kuti wanenepa. Ngakhale anyamata onyamula katundu m'phiri muno, opanda mnofu wa kanthu, amasupuka. Khungu likanyowa ndi thukuta limafewa, ndipo likafewa silichedwa kunyenyeka pamene likukhulana ndi khungu linzake kapena ndi nsalu. Thukutalo likayamba kuuma limasiya mchere, uja umauona utayera pamsana pa malaya, ndipo mcherewo umakwecha khungu monga momwe mchenga umakwechera mphika. Kupita kumsika n'kubwerako sungamve kanthu. Koma ulendo wa kuchokera pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri, kukafika ku nyumba yogona ya Chisepo umadya pafupifupi tsiku lathunthu, mawa lake n'kukwera nsonga ya mamita 3,002, kenako kutsika. Malo amodzimodzi akakhulidwa maola onsewo, munthu amatsika akuyenda motang'adza, misozi ili m'maso, miyendo ikadali ndi mphamvu koma khungu litagonja.

Ndikudziwa kuti ndine amene ndinakuphunzitsa kuti zovala zamkati zabwino ndi za thonje. Pa masiku wamba, kuntchito kapena pogona, mawuwo akadali oona. Koma pa ulendo wotulutsa thukuta maola ambiri, thonje limakutembenukira. Limamwa madzi n'kuwasunga, limalemera, limakwinyika, ndipo makwinya onyowawo ndi amene amadula m'mphechepeche. Nsalu za nayiloni ndi poliyesitala sizisunga madzi choncho, zimawakankhira kunja n'kuuma msanga. Ndiye chilichonse chimene chidzakhudze khungu lako pa ulendowu chisakhale cha thonje. Jinzi ndiye usaliganizire n'komwe: msoko wake wa pakati ndi wokhuthala, ndipo likanyowa ndi nkhungu ya m'phiri silidzauma mpaka udzatsike.

Chimene ndikufuna ugule choyamba ndi kataiti kotamuka kofika chapakati pa ntchafu kapena pamwamba pang'ono pa bondo, konga kamene amavala opalasa njinga zamipikisano, koma kopanda chisiponji chija cha kumatako. Ntchito yake ndi yoti ntchafu zisaonane, nsalu izikhulana ndi nsalu inzake, khungu lili phee m'kati. Kabudula waufupi wokhwepa sangachite zimenezi, chifukwa ukangoyenda pang'ono amakwera n'kukadziunjika m'mphechepeche, ntchafu n'kutsala pambalambanda. Kataitiko kagwire thupi bwinobwino osasiya thumba pakati pa miyendo, koma kasathine mpaka lastiki kusiya mzere wozama m'chiuno kapena m'ntchafu. Ukakavula n'kupeza mzere wofiira umene sukuchedwa kuwawa, ndiye kuti kachepa, ndipo lastikiyo idzakhala mpeni wako m'phiri.

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa ndikukudziwa. Udzanena kuti ndine mayi wa ana, ndingavale bwanji zothina pamaso pa anthu, makamaka kwathu kumene onse akundidziwa. Mwana wanga, ife tinakulira pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linadzachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Pa ntchito yanga ya zaumoyo ndinkayenda midzi ndi midzi kukachititsa sikelo ya ana, m'dzuwa la Okutobala, nditavala diresi, pitikoti ndi chitenje pamwamba. Ine ndi anzanga tinkabwerera ntchafu zili psuu, usiku n'kumagona miyendo ili padera, koma panalibe wotchula, poti zinali zochititsa manyazi. Tinkangoti ndi mmene ukazi ulili. Sindikufuna kuti iwe upirire zimenezo pamene mankhwala ake ali pa mulu wa kaunjika. Ngati ukufuna ulemu podutsa m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, vala kataitiko m'kati, pamwamba thalauza yopepuka kapena siketi yomasuka, ngakhale kumangira chitenje mpaka mutapitirira nyumba za anthu. Ulemu sudzasowa, ndipo khungu lako lidzakhala losungika. Chitenjecho usachisiye, chidzakuthandiza pofunda ndi posintha zovala, koma pokwera miyala uchivule chifukwa chimamanga miyendo.

Ukapita ku kaunjika usafulumire ndi mtundu kapena dzina la kampani. Uyang'ane kansalu kolembedwa kaja ka m'kati: pakhale polyester kapena nylon, pamodzi ndi elastane kapena spandex, umene ndi ulusi wopangitsa nsalu kutamuka. Ukaona cotton yambiri, bweza pa mulu. Kenako utembenuze chovalacho kunja kukhale m'kati, uyendetse chala pa msoko uliwonse. Msoko wabwino ndi wogona, wosalala, woti chala chimangodutsa osakhumudwa. Woipa ndi uja wotukuka ngati chingwe, ndipo woipitsitsa ndi pamene misoko inayi yakumana pakatikati pa miyendo n'kupanga kamfundo kolimba. Mataiti osokedwa bwino amakhala ndi kansalu kapadera pamalopo kuti misoko ipatuke. Uyesenso kukoka nsalu ndi manja awiri: ikapanda kubwerera msanga, lastiki yake inafa kale, idzangokhwepa n'kuyamba makwinya. Ukafika nacho kunyumba, uchape bwino, utsukuluze mpaka sopo athe, chifukwa sopo wotsalira naye amayabwa pa khungu lonyowa. Tinsalu tolembedwato ukatha kuwerenga utidule mpaka m'tsinde, kapena usomole ulusi wake, poti kachitsa kotsala kamakanda koposa kansalu kathunthu. Panti yekha ndiye ugule watsopano kusitolo, wosalala, wopanda lesi ndi timaluwa ta m'mphepete.

Tsopano za pachifuwa. Bra wa kawaya umusiye ku Lilongwe. Ufune wa masewera, wa lamba wotakata pansi pa mawere ndi malamba otakata pamapewa. Zilonda zambiri za pamenepa zimabwera chifukwa cha bra wokhwepa, amene lamba wake amatsetsereka uku ndi uku ndi phazi lililonse, mpaka pansi pa mawere patatsala mzere wa chilonda. Pomuyesa, ukweze manja m'mwamba ndi kudumpha kangapo. Akakwera, wakula. Akakuletsa kupuma mozama, wachepa. Zala ziwiri zizitha kulowa pansi pa lambayo, osapitirira apo. Uonenso pamene pali tizitsulo tokolera kumsana, chifukwa chikwama chikatikanikiza tsiku lonse timalowa m'khungu.

Chikwamacho chili ndi milandu yakeyake. Ngakhale mudzakhale ndi onyamula katundu, iwe udzabereka kako ka madzi ndi juzi. Usavale kamalaya kopanda manja, kuti malamba asagone pa khungu lenileni. Sankha tisheti ya masewera ya manja, imene msoko wake sunadutse pamwamba penipeni pa phewa, ndipo m'khwapa isakhale yothina. Malamba a chikwama uwakoke mpaka chileke kugwedera, ndipo ngati chili ndi lamba wa m'chiuno ummange, osati pamwamba pa mfundo ya thalauza kapena pa zipi.

Pali china chimene ine sindingalankhule ndi apongozi anga, ndiye uwauze ndiwe. Amuna akathamanga mtunda wautali, ngati wa mpikisano uja wa makilomita oposa 20 wokwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, malaya onyowa amakhula nsonga za mawere mpaka kutuluka magazi. Ndaonapo anthu akufika pomalizira malaya ali ndi mizere iwiri yofiira yotsika pachifuwa. Amate kapulasitala pa nsonga iliyonse asananyamuke, pa khungu louma lopanda mafuta kuti kagwire, ndipo avale malaya ogwira thupi osati okupiza. Nawonso asiye makabudula amkati a thonje okhwepa aja, avale kataiti pansi pa kabudula wawo.

Za mapazi ndinene mwachidule, poti matuza ndi nkhani yomweyi. Sokosi za thonje ayi. Ngati ungapeze zaubweya kapena za masewera zokhuthala pa chidendene, tenga, ndipo ena amavala kasokosi kopyapyala ka nayiloni m'kati kuti sokosi zizikhulana zokhazokha. Zikhale zotalika kupitirira m'mphepete mwa nsapato. Nsapato uziyesa masana mapazi atatupa, utavala sokosi zomwezo, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale malo okwana chala chamanthu cha kudzanja. Kutsika phiri ndi kumene kumapha zikhadabo, ndiye uziwenge masiku angapo usananyamuke.

Mafuta amathandiza, koma sangapulumutse chovala choipa. Vaseline wamba ndi wokwanira. Udzole musanayambe ulendo, osadikira ululu: m'ntchafu, m'mphechepeche, pansi pa lamba wa bra, m'khwapa, ndi pakati pa matako, inde, ngakhale pamenepo, chifukwa ndi malo amene anthu amachita nawo manyazi koma amawawa koposa onse. Kabotolo kakhale m'thumba lapafupi kuti udziwonjezera popuma. Paudala sindimukhulupirira pa ulendo wotere, akanyowa amaumbika timibulu, timibuluto n'kuyamba kukwecha. Ndiponso usamete m'khwapa kapena kumusi dzulo lake la ulendo. Khungu longometedwa kumene limakhala lanthete, ndipo tsitsi likamaphuka limabaya.

Chilichonse chimene wagula, uyambe kuchivala panopa pothamanga m'mawa, ndipo tsiku lina Loweruka uyende nacho maola angapo utabereka chikwama chomwecho. Ukabwerako, posamba, madzi adzakuuza okha pamene chakukhula. Pamenepo udzadziwa msoko woti telala akonze kapena chovala choti usinthe nthawi ikadalipo. Chovala chatsopano chosayesedwa chisakwere nawe phiri, ngakhale chitakhala cha mtengo wotani, ngakhale itakhala tisheti yofanana imene gulu lanu lasindikiza. Imeneyo mudzajambulitse nayo pa Likhubula n'kuiika m'chikwama.

M'phirimo mu Julaye mumazizira kwambiri, ndipo anthu amalakwitsa poyamba ulendo atavala majuzi awiri. Pakangopita kanthawi amakhala atanyowa chifukwa cha thukuta, kenako mphepo n'kuwalowa. Uyambe ukumva kazizizi pang'ono, juzi ili m'chikwama, uziivala mukaima. Mukafika pa nyumba yogona, usakhale pamoto ndi zonyowa ukucheza. Pita ukavule, upukute mchere ndi kansalu konyowa, uume, uvale zouma zomasuka, ndipo apa ndi pamene thonje lako lija libwerere. Utenge mataiti awiri ndi mabra awiri kuti china chikamauma uzivala china. Poyanika usayandikize kumoto, nayiloni imasungunuka ndipo pamene yapsa pamauma gwa n'kusanduka chokanda. Tsiku lokwera nsonga uvale thalauza pamwamba pa taiti, chifukwa mwala wa Sapitwa ndi wokhakhala ndipo malo ena potsika munthu amakhwekhwereza matako.

Chimene ndikukupempha koposa ndi ichi. Ukadzamva penapake pakutentha pang'ono, ima nthawi yomweyo. Usaope kuti uchedwetsa gulu kapena kuti wotsogolera ndi mwamuna. Ungomuuza kuti ukufuna kupatuka, adzaimitsa anthu, amazidziwa zimenezi. Bisala kuseri kwa mwala, upukute, uwongole makwinya, udzole mafuta kapena umate pulasitala ngati ndi ku phazi. Pamene pakungotentha pamakonzeka m'mphindi zochepa, koma pakasupuka palibenso chochita koma kupirira mpaka pansi, ndipo kuchokera ku Chisepo pansi ndi patali.

Za zilonda zimene uli nazo panopa, uzitsuka ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, osakwecha. Poumitsa uzingogunditsa thaulo. Udzole Vaseline kapena mafuta a zinki aja unkadzoza ana akapsa ndi thewera, ndipo upume kuthamanga masiku angapo mpaka khungu litseke. Usathirepo sipiriti, mankhwala otsukira mano kapena mandimu, zimenezo zimangootcha mnofu. Ukaona kuti kufiira kukufalikira, pakutuluka mafinya, watupa mwanabere kapena thupi likutentha, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Pakakhala kuti pakuyabwa kwambiri, pali mphepete yozungulira yonga chipere ndipo sipakupola, amenewo akhoza kukhala mafangasi, ofunika mankhwala akeake, ndipo Vaseline sangawathe.

Ngati kumeneko mataiti abwino akuvuta, unditumizire muyeso wa m'chiuno ndi wa ntchafu pa WhatsApp, ndikakusankhire ndekha ku Limbe n'kukutumizira pa basi mwezi uno usanathe, kuti upeze nthawi yowayesa. Ana mudzawasiye kuno pamene muli m'phiri, ndipo undiuze tsiku lofika kuti bambo ako alankhule ndi wotsogolera nthawi ikadalipo. Moni kwa apongozi ndi adzukulu anga.

Ndine,
Mayi ako