Zikomo a Roads Authority potikumbukira ife oyenda pansi

Kawale,
Lilongwe.

Kwa Mkulu wa bungwe la Roads Authority,
Lilongwe.

Bwana,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni, inu pamodzi ndi mainjiniya anu, chifukwa cha mlatho watsopano wa pa mtsinje wa Lilongwe mumsewu wa M1. Ambiri akuuyamikira poona kuti magalimoto akudutsa mwachangu, ndipo sakunama. Ine changa n'china: njira imene munatisiyira m'mbali ife oyenda pansi. Ndine telala, ndimakhala ku Kawale koma makina anga ali pakhonde la sitolo ina tsidya linalo, ndiye mlathowu ndi wanga m'mawa ndi madzulo.

Mlatho wakale mukuukumbukira. Maminibasi otuluka mudepoti, mathiraki ochokera ku Dedza ndi ku Blantyre, magalimoto opita ku Kanengo, zonse zinkakumana pamenepo, mzere umodzi uku wina uku. Anthu tinkangodzipanikiza m'mphepete. Mayi wosenza dengu la tomato, mwana ali kumbuyo, ankayenda chammbali ngati nkhanu kuti apatukire mnyamata wokankha wilibala ya matumba a mbatata, uku kondakitala akumenya chitseko kuti dalaivala alowerere pakampata. Panopa mayi yemweyo akuyenda mowongoka, dengu lili phee pamutu. Wina akhoza kuima n'kumanganso chitenje bwinobwino popanda hutala kumuopseza. Kwa munthu wa pagalimoto zimenezi n'zazing'ono, koma ife ndiye tikudziwa kulemera kwake.

Mundiperekereko zikomo kwa boma la Japan, limene kudzera ku bungwe lake lothandiza pa chitukuko la JICA linathandiza ndi ndalama za ntchitoyi.

Chimene chandisangalatsa kwenikweni n'chakuti amene ankajambula pulani anaona mzindawu mmene ulili lero. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo anamuyala motalikirana: Capital Hill ndi City Centre uko, tauni yakale kuno, pakati pali nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, ma Area ali mbwee mpaka ku Area 25 ndi ku Lumbadzi. Mayalidwe otere amakomera munthu amene ali ndi galimoto. Nanga ndi angati ali nayo? Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo panopa tachuluka kuposa pamenepo. Dzaimeni pa Mchesi kapena pa Biwi cha m'ma 6 koloko m'mawa muone amene akudutsa: alonda akuweruka, antchito a m'nyumba, ana asukulu, amakala atasanja matumba panjinga mpaka osaoneka mutu. Ndi miyendo, njinga yakapalasa, kabaza ndi minibasi zimene zimanyamula Lilongwe. Mafuta akasowa, mizere ya magalimoto n'kumagona pamalo omwetsera, mpamene aliyense amavomereza zimenezi, chifukwa ngakhale abwana a mataye timakumana nawo panjira yomweyi, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

Ndiye msewu ukamangidwa woganizira wa pansi, umathandiza anthu ochuluka pa ndalama zochepa. Simenti ya njira yathu ndi yochepa poyerekeza ndi phula la magalimoto, ndipo sifuna dizilo wogula ndi ndalama zakunja kuti igwire ntchito. Komanso ife si alendo pa thumba la misewu. Msonkho wa pa mafuta umene umapita ku bungwe losunga thumbali la Roads Fund Administration timaulipira nawo tikakwera minibasi, pakuti uli m'kati mwa mtengo umene kondakitala amatitchula.

Ndaonanso ntchito ya ku Kenyatta Drive ndi msewu wodutsana pamwamba wa ku Area 18, umene unali woyamba wa mtundu wake m'dziko muno. Kumeneko sindipitapita, ndisanamepo zambiri, koma mzinda ukuoneka kuti ndi likulu.

Poti ndayamba kale kulankhula, mundilole ndipemphe ziwiri zitatu. Choyamba ndi mthunzi. Mitengo yambiri inagwa pokuza Kenyatta Drive, ndipo dzuwa la mu Okutobala pa simenti yopanda mtengo limawotcha mpaka kuphazi. Mukamabzala ina, musankhe ya mthunzi weniweni monga mbawa ndi msikidzi, ndipo pakhale woithirira ndi kuitchingira mbuzi mpaka itakula. Pansi pa mtengo wotero pakakhala kabenchi ka simenti, agogo ochokera kuchipatala cha Bwaila angapumirepo asanakakwere minibasi.

China ndi malo oimapo maminibasi. Dalaivala amaima pamene pali anthu, lamulo likhalepo lisakhalepo. Ngati pulani yamupatsa malo okhotera pamenepo pomwe, okhala ndi kadenga kobisalamo mvula, msewu sutsekeka. Akapanda kupatsidwa, amakwera panjira yathu. Anyamata a kabaza ya njinga zamoto nawonso ayamba kuidyerera njirayi akaona mzere wa magalimoto. Apa ndikudziwa kuti mpofunika kugwirana manja ndi khonsolo ya mzinda komanso apolisi apamsewu, monganso pa nkhani ya mavenda oyala kaunjika panjira ndi zinyalala zotseka ngalande. Mavendawo sindikuwada, ndi makasitomala anga, ena ndimawasokera zigamba pa ngongole. Akufunika malo awo pafupi ndi pamene anthu amadutsa, apo ayi adzabwerera ndithu.

Misewu ya kwathu kuno ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 23 ikadzafika nthawi yake yokonzedwa, chonde mudzaijambule ndi maso omwewa, ndipo mizere yowolokera pafupi ndi masukulu izipentedwanso ikayamba kufufutika.

Ambuye akudalitseni pa ntchito yanu.

Ine wanu,
Telala wa ku Kawale