Choyezera mvula musachiveke jumbo nyengo yozizira

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yathuyi ndiyankhule ndi anzanga amene tili ndi timasiteshoni ta zanyengo pakhomo, tija timakhala pamwamba pa paipi kuseri kwa nyumba nkumatumiza manambala pa foni. Nkhani yanga ndi ya choyezera mvula nyengo yozizira ikafika, makamaka kwa ife amene tikukhala kumadera kumene madzi amachita kuundana usiku komanso kumagwa chipale chofewa chija ena amati sinowo. Ndakhala ndikumva anthu akulangizana kuti chisanu chikangoyamba tenga jumbo uveke choyezeracho, umange ndi mphira, udzavule kukayamba kufunda. Malangizo amenewa ine ndikuwakana, ndipo ndikuwakana chifukwa chaka changa choyamba ndinawatsatira nde ndikudziwa bwino chimene amabala.

Ambirife timagula siteshoni osatsegulako nkomwe kuti tione mkati mwake muli chani. Pansi pa fanulo ija imene imalandira mvula pamakhala timandowa tiwiri tolumikizana, tokhala ngati sikelo, kamodzi kakadzadza kamapendekeka nkukhuthula madzi, kinako kamabwera pansi pa bowo kuyamba kulandira. Pamene kakupendekekapo kamadutsa ndi kamaginito pafupi ndi kaswichi kakang'ono, nde kompyuta imawerenga kuti kamodzi. Pa masiteshoni ambiri kupendekeka kumodzi ndi 0.2 mm, ena makamaka opangidwira ku America ndi 0.01 inchi, imene ndi 0.254 mm. Nzeru yake ndi yakalekale, Christopher Wren anapanga choyezera cha mtundu umenewu ku England mu 1662, ife tangowonjezerapo waya ndi WiFi basi. Koma chofunika kumvetsa ndi ichi, makinawa sadziwa mvula, amangodziwa kupendekeka. Kandowa kakapanda kupendekeka amalemba 0.0 ndipo sakuuzani kuti ziro ameneyo ndi wa kumwamba koyera kapena ndi wa jumbo imene mwaveka.

Apa nde pamene pagona vuto langa ndi jumbo. Chaka chimene ndinaveka ine, kwa miyezi itatu siteshoni yanga imatumiza ziro tsiku ndi tsiku ku intaneti, pamene panja mvula yozizira imagwa, chipale chimagwa, nthaka ili chinyontho chokhachokha. Manambala amenewo samathera pa foni yanga ayi, ambirife timalumikiza masiteshoni athu ku Weather Underground, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa manambala a zanyengo, kapena malo ena otere, ndipo munthu wina amene sindikumudziwa amaona mapu nkumakhulupirira kuti dera lathu kunali kouma. Chinanditsutsa mumtima kwambiri chimenechi. Ziro wabodza ndi woipa kuposa malo opanda kanthu, chifukwa malo opanda kanthu aliyense amadziwa kuti apa sipanayezedwe, pamene ziro amalowa mu masamu a mwezi ndi a chaka ngati zoona. Ndipo nditavula jumboyo ndinapeza mkati muli madontho okhaokha a nthunzi, masana dzuwa likawomba jumbo imatuluka thukuta mkati, usiku thukutalo limaundana pomwe pali kaswichi paja, nde chinyezi chimene ndimathawa ndinachita kuchitsekera ndekha mkatimo.

Sindikunena kuti chisanu sichiwononga, chimawononga ndithu. Madzi akafika pa 0°C nkuundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo pulasitiki ikazizira kwambiri imauma gwa, sikhalanso ndi mphamvu yotamuka. Ine chinandisweka ndi choyezera china cha pamanja, chija cha pulasitiki yoonekera mkati chokhala ndi chubu chamanambala pakati. Madzulo kunagwa kamvula pang'ono, ndinati ndiwerenga mawa mmamawa, usiku kunazizira koopsa. Mmawa ndinapeza ayezi waima mu chubu ngati kandulo, woyera mbuu pakati, ndipo cha kumunsi kwa chubu kunali kamng'alu kowonda ngati tsitsi, kuyambira pansi mpaka pa nambala yachiwiri. Nditalowa nacho mnyumba ayezi atasungunuka madzi anayamba kuchucha pa kamng'alu kaja dontho limodzilimodzi mpaka patebulo panyowa. Chubu chinathera pompo, ndipo muyezo wa tsiku limenelo unatayika nawo.

Za timandowa topendekeka tija, kawirikawiri sitisweka msanga, vuto lake timangogwidwa ndi ayezi. Mu kandowa nthawi zonse mumatsala timadzi tosakwana kupendeketsa, timeneto tikaundana kandowa kamalemera mbali imodzi kapena kamamatirira pa kamsomali kake, ndiye mvula yotsatira imangosefukira pamwamba osawerengedwa. Chipale nacho chikagwa chimadzadza mu fanulo nkukhala momwemo masiku awiri atatu, kenako tsiku limene kwacha bwino dzuwa lili phwee chimasungunuka, foni nkukuuzani kuti kukugwa mvula pamene kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Madziwo ndi enieni inde koma alembedwa pa tsiku lolakwika, komanso ena mphepo inaulutsa kale, ena anauma ndi dzuwa. Amene amasunga rekodi ya tsiku ndi tsiku akudziwa mmene zimenezi zimapwetekera.

Nde chimene ndimachita ine tsopano ndi ichi. Masamba akayamba kuyoyoka chisanu chisanafike ndimakwera nkuchotsa fanulo, kutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kuchotsa masamba, zitosi za mbalame, ndi ulusi wa kangaude umene umakonda kumanga penipeni pa timandowa, ulusi umodzi wokha ndi wokwanira kugwira kandowa kuti kasapendekeke. Ndimaonetsetsa kuti timabowo totulutsira madzi pansi ndi totseguka chifukwa tikatsekeka madzi amadikha mkati ndipo amenewo ndi amene amadzaundana nkuphwanya. Musaiwale kuzula waya kapena kuzimitsa kaye musanayambe kugwedeza timandowa, apo ayi mulemba mvula ya chala chanu. Ndikatero ndimaika kalevulo pamwamba kuona ngati chili chowongoka, ndipo ndimadzaonanso pakati pa nyengoyi popeza nthaka ikaundana imatukuka nkupendamitsa paipi, choyezera chopendama kandowa kamodzi kamadzadza msanga kuposa kanzake. Mabatire ndimasinthiratu nthawi yomweyo, ndimaika a lithiamu chifukwa a alkaline aja amafooka msanga kukazizira kwambiri pamene a lithiamu amapirira mpaka cha mma -40°C, ndipo palibe amene amafuna kukwera makwerero oterera ndi ayezi pakati pa chisanu kukasintha batire.

Koma chachikulu chimene ndikufuna anzanga amve ndi choti nyengo yozizira muyezo weniweni umachokera pa choyezera cha pamanja. Kuli gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa CoCoRaHS limene linayamba ku Colorado mu 1998, madzi osefukira atawononga mzinda wa Fort Collins mu Julaye 1997, pamene akatswiri anaona kuti mvula imasiyana kwambiri ngakhale pa mtunda waufupi nde pakufunika anthu ambiri oyeza pakhomo. Anthu amenewa amagwiritsa ntchito choyezera cha pamanja cha mainchesi 4 kukamwa kwake, ndipo malangizo awo a nyengo yozizira ndi osavuta, chotsani fanulo ndi chubu chamkati musunge mnyumba, panja musiye chigubu chachikulu chokha kukamwa kuli yasa kuti chipale chizigweramo. Ndikanadziwa zimenezi kale chubu changa bwenzi chilipo. Mmawa mumalowa nacho chigubucho mnyumba, mumayeza kaye madzi ofunda mu chubu chija nkulemba nambala yake, mumathira mu chipalemo chisungunuke, kenako mumayeza madzi onse nkuchotserapo aja munathira. Mwachitsanzo mwathira 10 mm, zonse pamodzi zakwana 16.4 mm, ndiye kuti kumwamba kwagwa 6.4 mm. Madzi ake akhale ofunda chabe osati owira a mu ketulo, owira amang'ambitsa pulasitiki yozizira komanso amathawa ngati nthunzi. Ngati mungathe khalani ndi zigubu ziwiri kuti china chizikhala panja pamene china chikusungunuka mnyumba.

Ena amati bwanji osangoyeza kuya kwa chipale ndi lula nkugawa ndi 10. Zoona pali kawerengedwe kaja koti masentimita 10 a chipale amapereka sentimita imodzi ya madzi, koma kameneko nkongoyerekeza, chipale chonyowa cholemera chimakhala ndi madzi ambiri kuposa pamenepo, chouma chija chouluka ngati ufa chimakhala ndi ochepa kwambiri. Lula yezerani kuya, zimenezo nzabwino ndipo lembani, koma madzi ake sungunulani muone ndi maso.

Amene ali ndi ndalama pali hita yopangidwira zoyezera mvula, makampani ngati Davis amagulitsa yoika mkati mwa fanulo. Imathandiza koma dziwani kuti imafuna magetsi a mnyumba, kasola kakang'ono ka pa siteshoni sikangayikwanitse, nde pakhala waya wautali wodutsa pabwalo umene uyenera kukhala wotetezedwa bwino ku madzi. Komanso kutentha kwakeko kumaumitsa ena mwa madzi asanafike pa kandowa, makamaka chipale chikamagwa pang'onopang'ono, ndiye nambala imatuluka yotsikirapo. Ine ndimaona kuti hita ndi yabwino pokuuzani nthawi imene kwagwa, koma kuchuluka kwake ndimakhulupirirabe chigubu. Chimene ndikupempha ndi mtima wonse, musapange hita yanuyanu ndi babu ndi mawaya osakutira panja pamene pali chinyontho, moyo wa munthu suyenera kuikidwa pachiswe chifukwa cha mamilimita.

Mchere ndi antifreeze, mankhwala aja oletsa madzi kuundana, musathire mu fanulo chonde. Mchere umadya zitsulo ndi kaswichi kaja, ndipo chilichonse chimene mwathira chimapendeketsa kandowa nkuwerengedwa ngati mvula. Antifreeze wa galimoto wambiri amakhala ndi ethylene glycol, ndi poizoni, ndipo amatsekemera nde galu kapena mphaka akapeza wadontha pansi pa paipi amanyambita, impso zimawonongeka. Ndikudziwa kuti zoyezera zikuluzikulu za akatswiri zija zoyeza kulemera zimathiridwa mankhwala oletsa kuundana, koma zimenezo zimasunga madzi mu ndowa yotsekeka, zathuzi zimatayira pansi. Mukapezanso ayezi wagwira mu fanulo musamugogode ndi mpeni kapena sikuludiraiva, mukanda pulasitiki kapena kukulitsa bowo, ingochotsani fanulo yonse mulowe nayo mnyumba isungunuke yokha.

Mphepo nayo imaba chipale kwambiri kuposa mmene imabera mvula chifukwa chipale nchopepuka, chimangouluka kudutsa pakamwa pa choyezera. Nchifukwa chake masiteshoni akuluakulu amazunguliza zoyezera zawo ndi timapale tachitsulo tolendewera, chotchinga mphepo chimenechi chimatchedwa ndi dzina la J. Cecil Alter amene anachipanga mu 1937. Pakhomo sitingakwanitse zonsezo koma tingapewe kuika choyezera padenga pamene mphepo imawomba mwamphamvu, komanso tingachitalikitse ku nyumba ndi mitengo mtunda wosachepera kawiri kutalika kwa chinthucho, kuti chipale chogwa kuchokera pa denga kapena pa nthambi chisalowemo.

Tsono ngati mukuona kuti zonsezi simungazithe, mwina mukuchokapo miyezi ingapo kapena thanzi silikulola kutuluka mmamawa pozizira, palibe cholakwa kupumitsa choyezeracho. Koma chipumitseni moona mtima. Zulani waya wa mvula, lowani mu pulogalamu ya siteshoni muone ngati ikulola kuzimitsa gawo la mvula kuti isamatumize ziro, ikakana ndi bwino kusiya kaye kutumiza ku intaneti kusiyana ndi kutumiza zabodza, ndipo mu kope lanu lembani deti limene mwasiya ndi limene mwayambiranso. Ine kope langa lili ndi masiku amene ndinangolemba kuti "sindinayeze" ndipo sindichita nawo manyazi olo pang'ono, amene amandivutitsa mpaka lero ndi miyezi itatu ija ya jumbo imene sindingathenso kuikonza.

Kukayamba kufunda musangokhulupirira kuti zonse zili bwino, yesani. Millimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita, ndiye ngati kukamwa kwa fanulo yanu ndi masikweya sentimita 200, millimita imodzi ndi 20 ml, kupendekeka kumodzi kwa 0.2 mm ndi 4 ml. Tengani sirinji muyeze 100 ml, muzidonthetsa pang'onopang'ono osati kukhuthula kamodzi, muyenera kumva kandowa kakugogoda ka 25 ndipo foni ionetse 5 mm. Zikasiyana kwambiri onani kaye levulo ndi dothi mu timandowa musanagwire timasikuluwu tosinthira tija ta pansi pake. Mukamaliza kumbukirani kufufuta 5 mm imeneyo mu rekodi ya tsikulo.

Zikomo Akonzi pondipatsa mpata.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.