Ndimatanganidwa tsiku lonse, koma za mwana wanga ndinaziphonya

Azakhali,

Nthawi pano ili cha m'ma 1 koloko usiku, makina osokera ndangowasiya kumene koma tulo palibe. Ndili kuno ku Joni kuyambira 2017, ndikuchita lendi kachipinda ku Yeoville. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimagwira ntchito yapanyumba ku Randburg, mateksi awiri kupita, kusinthira pa Bree. Masiku enawo ndimasoka. Ulesi ndilibe, aliyense wondidziwa angachitire umboni.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ku Ntcheu, amakhala ndi mayi anga. Ndalama ya mayeso a MANEB sindinatumize. Sikuti ndinalibe ayi, inalipo, ndipo kutumiza pa Mukuru ndi kamphindi chabe pafoni. Anandikumbutsa katatu, ine n'kumati mawa. Tsiku lomaliza anakalipira ndi munthu wina amene sindimutchula pano, munthu amene ndinalumbira kuti sindidzamupemphanso ngakhale mchere. Usiku wake mwana ananditumizira voisi: "Amayi, inu mumakumbukira anthu onse kupatula ine." Sanakweze mawu n'komwe.

Koma Azakhali, tamvani mmene sabata imeneyo inalili. Mayunifomu 12 a kwaya ankafunika Lamlungu. Mnyamata wa kwathu anamwalira ku Hillbrow, ndipo ine ndi amene anandisankha pagulu la WhatsApp kutolera chipepeso choti maliro apite kumudzi. Mukanakhala inu mukanakana? Mnansi wanga anandipempha kuti ndimuperekeze ku Park Station ndi katundu wake, tinathera komweko Lachinayi lonse kudikira transipota. Ndiye pali mayi wina wa kutchalitchi, anabweretsa chitenje kuti ndimusokere diresi, manja ake ndinaphwasula katatu. Poyamba akuti athina, kenako akuti atalika, kachitatu akuti waona sitayilo ina pa Facebook. Ndinapita mpaka ku Oriental Plaza ku Fordsburg kukafuna zipi yofanana ndi nsaluyo, thiransipoti yanga. R80 yotsala sanandipatsebe, koma Lamlungu anavala diresilo n'kukhala kutsogolo.

Komabe mwana wanga analakwanji pamenepa?

Kope ndili nalo. Usiku uliwonse ndimalemba zochita, dzulo zinakwana 23. Kukacha ndimayamba ndi tating'ono, kupinda thalauza, kusokerera batani, kuyankha mauthenga, chifukwa kukhwatcha mzere kumakoma. Zikuluzikulu ndimangozikopera patsamba la mawa. Pasipoti yanga yatsala pang'ono kutha, nkhani imeneyo yasamuka tsamba ndi tsamba miyezi inayi tsopano, ndipo zina za mapepala anga sindingazilembe m'nyuzipepala. Diresi laukwati lomwe ndinalandirira kale dipoziti lidakali m'jumbo, ndimachita nalo mantha kulidula.

Abwana anga aakazi atandiona maso ali psuu anati ndizisankha zinthu zitatu zokha patsiku, chovuta kwambiri ndizichichita m'mawa ndisanagwire foni, komanso ndizisiyanitsa chimene chikungokuwa ndi chimene chili chofunikadi. Ndinayesa masiku awiri. Koma iwo ali ndi geti, munthu amayamba waimba asanabwere. Ine chitseko changa chimagogodedwa 6 koloko m'mawa, ndipo kuno kuchilendo amene wamukana lero ndi amene adzatolere ndalama ya bokosi lako. Kapena ndikungodzikhululukira, kaya. Mchemwali wanga amati ndimakonda kutamandidwa, koma iyenso amanditumira zinthu sabata iliyonse.

Ndiye ndithandizeni. Zitatuzo ndimazisankha bwanji pamene zonse zili ndi mwiniwake amene akundiyang'ana? Amayi akutchalitchi ndingawakane ndi mawu otani osaoneka wonyada? Kapena ndisiye kusoka, ngakhale ndi kumene kumalipira lendi? Nanga mwanayu ndimuimbire, kapena ndidikire mtima wake utsike? Papita masiku 9, mauthenga anga akuwerenga koma sakuyankha.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Yeoville, Johannesburg